Chivundikiro cha bokosi la mafyuzi chimene chinkagwera kumapazi: ntchito imene ndinaigwira kawiri

Ndimakonza zamagetsi a galimoto ku Lilongwe, ndipo lipotili ndikulembera anzanga a ntchito yomweyi, makamaka amene ali ndi anyamata ophunzira m'manja mwawo. Galimoto imene ndikunenayi inabwera ndi dandaulo laling'ono moti sindinasiye n'komwe zimene ndinkachita. Patatha masiku 12 ndinakwera kabaza kukaipeza pabwalo la sukulu giya itakanirira pa P (giya yoimikira galimoto), ndipo mbali ina ya vutolo inali itachokera pagalaja panga pomwe.

Galimoto yake ndi mwini wake

Inali galimoto yaing'ono ya ku Japan, ya 2010, injini ya 1300cc, yosintha yokha magiya, yoliza ndi kiyi. Inalowa m'dziko muno kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe ngati zinzake zambiri. Mwini wake ndi mayi wina mphunzitsi, amene tsiku lililonse amayenda kamtunda ndithu pa msewu wafumbi wa mabampu asanafike pa tala.

Pa galimoto iyi bokosi la mafyuzi la m'kati lili pansi pa dashibodi, kudzanja lamanja la dalaivala, pamwamba pang'ono pa chopondera moto, pafupi ndi kokokera boneti. Limayang'ana pansi, ndiye kuti muone mafyuzi mumayenera kugwada panja n'kulowetsa mutu ndi phewa. Chivundikiro chake, chimene ambiri timangoti kava, n'chapulasitiki wakuda, kukula kwake ngati chikhatho. Mbali imodzi chili ndi timalilime tiwiri tolowa m'timabowo, mbali inayo kadzino kamodzi kofewa kamene kamakola pa mlomo wa bokosi. Kadzino kameneka ndiko kamagwira zonse. Pa chivundikirocho pali tchati chosonyeza dzina la fyuzi iliyonse ndi mphamvu yake.

Ulendo woyamba

Anabwera kumapeto kwa Seputembala, masana, pagalaja pali magalimoto anayi. Ine ndinali pansi pa minibasi ndikufufuza shoti ya magetsi akumbuyo. Mayiwo anawerama n'kundionetsa chivundikirocho chili mbuu ndi zomata za tepi.

"Bambo, kanthu aka kanditopetsa. Ndikangolowa mumsewu wa kwathu kamandigwera paphazi. Dzulo kanalowa pansi pa chidendene ndikuponda buleki pa raundi."

Ndinachilandira ndili chigonere. Kadzino kanali katayera patsinde, kuyera kuja kumene pulasitiki amachita akapindidwa mopitirira, ndipo kanali ndi mng'alu. Ndinaona kuti nkhani yatha pamenepo: kadzino katopa, galimoto ndi yakale, msewu ndi woipa. Ndinaitana mnyamata wanga n'kumuuza kuti akalimbitse. Iye anachita zimene tonse timachita, supa guluu ndi soda pamng'alupo, n'kuumba kaphiri kolimba patsinde. Atapita kukatseka ndinamva akubuula, kenako phokoso loti kha!

"Chalowa?"

"Chalowa abwana, koma chimafuna mphamvu."

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino ndipo sindinachitepo kanthu. Chivundikiro cha bokosi la mafyuzi anachipanga kuti munthu wamba achitseke ndi zala ziwiri usiku m'mbali mwa msewu. Chikafuna chikhatho chonse ndiye kuti pali chimene chikuchikankha kuchokera m'kati. Sindinagwade kukaona. Sindinawafunsenso mayiwo kuti chinayamba liti kugwa, kapena kuti ndani anagwirako komaliza m'bokosimo. Sindinawalipiritse, ndipo ananyamuka akuthokoza.

Pambuyo pake ndinamva kuti tsiku lomwelo anamuuza mnyamatayo kuti wailesi imazima pa mabampu n'kuiwala masiteshoni. Iye anaona ngati ndi nkhani ina yosagwirizana ndi chivundikiro, ndiye sanandiuze. Sindimamuimba mlandu kwambiri, chifukwa anatengera mmene ine ndinaipeputsira ntchitoyo.

Foni ya tsiku la 12

Inalira cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa la Okutobala lili phwee. Injini ikulira bwino, koma giya yakana kuchoka pa P. Alonda ndi aphunzitsi anzawo anali atayesa kale kuigwedeza galimotoyo uku ndi uku, ndipo wina anali atawauza kuti giyabokosi yafa, akonzekere ndalama zambiri.

Amene mumakonza magalimoto otere mukudziwa kuti chogwirira giya chili ndi loko yamagetsi. Kuti loko imasuke, pamafunika uthenga woti dalaivala waponda buleki, ndipo uthengawo umachokera pa swichi yomwe ija imayatsa magetsi a mabuleki. Choncho ndisanakhudze chilichonse ndinapempha mayiwo kuti aponde buleki ine nditaima kumbuyo. Magetsi onse atatu anali bii. Mababu atatu sapsa tsiku limodzi, ndiye vuto linali kutsogolo: fyuzi, swichi kapena waya wapakati pake.

Nditatsegula chitseko ndinapeza chivundikiro chija chikulendewera ndi kalilime kamodzi. Kaphiri ka guluu kanali katasupuka konse ngati nkhanambo, pulasitiki wapansi pake ali woyera ngati sanamuthirepo kanthu. Ndinagwada n'kuunika ndi tochi ya pafoni, ndipo zimene ndikanaziona masiku 12 m'mbuyomo zinali poyera. Pakati pa mafyuzi aafupi ofanana panali imodzi yachikasu, yaitali kuposa zonse, itapendekeka, ndipo m'mbali mwake munkatuluka kawaya kopyapyala kokulungidwa ndi tepi yakuda.

Apa pali msampha umene ndikufuna muudziwe. Ndinagunditsa tesita pa timitu tiwiri tachitsulo timene timaonekera pamwamba pa fyuziyo, ndipo inayaka mbali zonse. Kuyeza kumeneku timakukhulupirira kwambiri: magetsi akulowa, akutuluka, fyuzi ili bwino, tiyeni ku swichi. Koma nditangokanikiza nsonga ya tesita kachiwiri, mwana wasukulu amene anaima kumbuyo anakuwa kuti magetsi a mabuleki ayaka. Nditachotsa dzanja anazima. Fyuziyo inali yamoyo, koma mwendo wake wotulutsa magetsi sunkagwirana ndi kamlomo kachitsulo ka m'bokosi. Tesita imakuuzani zimene zili pa fyuzi yokha, sikuuzani ngati magetsiwo akutsikiradi m'waya. Choipa china n'chakuti kuyezako kumakankhira fyuzi m'malo mwake, vuto n'kubisala kwa masiku angapo. Munthu akanatha kusintha swichi ya buleki tsiku limenelo, magetsi n'kuyaka, iye n'kulandira ndalama akukhulupirira ndi mtima wonse kuti wapeza vuto.

Pafupi ndi chogwirira giya pali kabatani komasulira loko pamanja, ndipo ndinawaonetsa mayiwo kuti akadziwe. Ndinawauzanso kuti kameneka n'kosunthira galimoto pamalo oipa basi, chifukwa ikakana kuchoka pa P chonchi, nthawi zambiri magetsi a mabuleki amakhala atafa. Ndinaikankhira fyuzi ija bwino, n'kuyendetsa ndekha pang'onopang'ono mpaka kugalaja, mayiwo atakhala pambali.

M'njira muja ndi mmene ndinafunsa funso limene linkayenera kukhala loyamba.

"Mayi, ndani anagwirako m'bokosi ili?"

"Palibe. Kupatula mwina amene anandiikira wailesi."

Nkhani yonse inatuluka. Wailesi zobwera ndi magalimoto a ku Japan zambiri zimagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pamene kuno masiteshoni ali pakati pa 87.5 ndi 108, ndiye ambiri samveka. Miyezi 8 m'mbuyomo mayiwo anagula wailesi ina n'kupeza munthu woti awaikire. Sabata yoyamba yomwe galimoto inakana giya kamodzi. Anamuimbira, anabwera, analowetsa mutu pansi pa dashibodi, anasintha kanthu mphindi ziwiri zisanathe, zonse n'kuyenda. Chivundikiro chinayamba kugwa kuchokera tsiku limenelo. Iwo sanalumikize zinthu ziwirizi, ndipo si ntchito yawo kutero. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo apa wodya phulayo ndinali ine.

Anakumbukiranso kuti kawiri konse kondakitala wa minibasi anawakalipira pamzere wa magalimoto akuloza kumbuyo kwa galimoto yawo. Iwo anaona ngati ndi mwano wa masiku onse wa pamsewu.

Zimene tinapeza titamasula

Tinayamba tayeza zinthu zili mmene zinalili, chifukwa mukazula kaye umboni umatha. Mnyamata anaponda buleki, ine n'kuika mita pakati pa kamutu ka fyuzi kotulutsa magetsi ndi waya wolowa pa swichi ya buleki. Pamtunda waufupi chonchi payenera kutayika 0.1V kapena 0.2V. Mita inaonetsa 1.2V, ndipo ndikangokhudza kawaya kaja inkalumphira pa 12V, kusonyeza kuti njira yadukiratu. Kenako tinachotsa waya wa negetivi pa batire n'kuzula fyuziyo.

Tchati cha pa chivundikiro chimati malo amenewo ndi a STOP, kutanthauza magetsi a mabuleki, 10A, ndiye pankayenera kukhala yofiira. Yachikasu ndi 20A. Mitundu imeneyi ndi yofanana pa mafyuzi onse amtunduwu: yofiira 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30, yabulauni 7.5. Mnyamata woti sangathe kuitchula ali m'tulo asamagwire bokosi yekha.

Kutalika kwake kunali nkhani inanso. Magalimoto ambiri a ku Japan a zaka zimenezi amagwiritsa ntchito mafyuzi aafupi otchedwa low-profile mini, amene kutalika kwake sikukwana 9 mm. Mini wamba, amene amapezeka paliponse pamsika, amafika pafupifupi 16 mm. Miyendo yake imalowa m'malo omwewo ndipo magetsi amadutsa, koma thupi lake limatsala pamwamba. Bokosi ili linapangidwira aafupiwo, ndipo mpata wa pakati pa mafyuzi ndi chivundikiro ndi wochepa. Fyuzi yaitaliyo payokha inali yokwanira kulepheretsa chivundikiro kukhala pansi.

Pa mwendo wake umodzi anali atakulungapo timawaya tamkuwa tosenda, n'kuikankhira m'bokosi choncho. Tinalondola kawayako mpaka kuseri kwa wailesi, kumene kanalumikizidwa ku waya wachikasu. Pa wailesi zogula padera wachikasu ndi wa magetsi osazima, amene amasunga masiteshoni komanso kunyamula mphamvu yambiri ya zokuzira mawu, wofiira ndi wa kiyi, wakuda ndi earth. Woikayo anali atadula pulagi ya galimoto, ndipo waya weniweni wa magetsi osazima tinaupeza uli wosenda, utapindidwira kumbuyo, nsonga yake yakuda. Zikuoneka kuti podula unagunda chitsulo n'kupsereza fyuzi ya wailesi. Fyuzi imeneyo pa galimoto iyi ili m'bokosi la ku injini, ndipo tinaipezadi yopsa. Iye atapeza waya wakufa sanakafufuze chifukwa chake. Anangosaka pena pamene pali magetsi kiyi atazimitsa, ndipo STOP ndi malo otere, chifukwa magetsi a mabuleki amayaka ngakhale kiyi ali m'thumba.

Zotsatira zake n'zosavuta kuziwerenga. Mababu awiri a 21W amakoka 3.5A, kuwonjezerapo lachitatu lapamwamba lija. Ikanipo wailesi yokweza mawu, 10A sichedwa kupsa. Kumeneko ndiko kukana giya koyamba kuja, ndipo mankhwala a mphindi ziwiri anali 20A yaitaliyo. Kuyambira pamenepo mawaya a mabuleki, amene anawayeza kuti azitetezedwa ndi 10A, ankadalira fyuzi yowirikiza kawiri. Pakanachitika shoti yosakhwima kwenikweni kumbuyo, waya akanatentha fyuzi ili chete.

Kamlomo ka m'bokosi kanali katayasama chifukwa cha mkuwa wowonjezera uja. Pulasitiki wozungulira anali atachita bulauni, ndipo mwendo wa fyuzi unali wakuda. 1.2V pa 4A ndi pafupifupi 5W, zimene zimamveka zochepa mpaka mutaganiza kuti kutentha konseko kuli pa kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga, ndiponso kuti woyendetsa galimoto yosintha yokha magiya phazi lake limakhala pa buleki nthawi yonse ali pamzere.

Tsopano mbali yanga. Kadzino kothyoka kaja kankalola chivundikiro kuthawa, ndipo chikagwa fyuzi inkapuma. Ife titakalimbitsa n'kutseka mokakamiza, chivundikiro chinapanikiza kawaya kamene kanapindikira paphewa la fyuzi, kawayako n'kumaipendeketsa fyuziyo usana ndi usiku, bampu lililonse likuwonjezera. Masiku 12 amenewo anamaliza kuyasamitsa kamlomo kamene kanali kakulimbikirabe kwa miyezi 8. Ndinawafotokozera mayiwo zimenezi mosabisa, ndipo ulendo wa kusukulu uja sindinawalipiritse.

Zosankha: kamlomo ndi wailesi

Wailesi inali yosavuta. Tinachotsa kawaya kachilendo konse, tinadula nsonga yopsa ya waya weniweni, tinalumikiza powotcherera ndi solder n'kuphimba ndi heat shrink, kapaipi kapulasitiki kofota kakatenthedwa, ndipo m'bokosi la ku injini tinaikamo 15A monga tchati chake chikunenera. Malo ena atatu amene anangopota n'kumata tepi tinawakonzanso chimodzimodzi. Galimoto itazimitsidwa n'kutsekedwa inkakoka 25mA, zimene zili bwino.

Kamlomo ndiko kanandiganizitsa. Njira zinalipo zitatu. Yoyamba kusintha bokosi lonse. Pa magalimoto ambiri otere bokosi la m'kati ndi gawo limodzi ndi ma relay, mwinanso ndi kakompyuta ka zitseko ndi magetsi, ndiye lakale logula kwa ophwasula liyenera kufanana nambala ndendende, ndipo mumagula mbiri yake yonse osaidziwa. Yachiwiri kulambalala malo owonongekawo n'kuika fyuzi yapadera pa waya kunja kwa bokosi. Zimagwira ntchito, koma tchati chimasanduka chabodza, ndipo makaniko wotsatira adzazula STOP n'kudabwa magetsi akuyakabe. Yachitatu kubweza kamlomo komweko.

Ndinajambula kamlomoko ndi foni n'kukuza chithunzi. Pulasitiki anali atasintha mtundu koma sanasungunuke, ndipo kachitsulo kanali pamalo pake, sikanatitimire. Ndinathira mankhwala otsukira zolumikizira magetsi, ndinapala pang'ono, kenako ndi kachitsulo kosongoka ndinabweza timilomo tiwirito mbali iliyonse pang'onopang'ono, batire lili chichotsere. Poyesa ndinadula mwendo umodzi wa fyuzi yatsopano, ndinaugwira ndi pulayala n'kuulowetsa m'malo oyandikana nawo kuti dzanja lizolowere mmene kamlomo kabwino kamalumira, kenako m'kokonzedwako. Kankaluma mofanana. Titaika 10A yaifupi, mita inaonetsa 0.1V, ndipo inakhala pomwepo ngakhale ndinkamenya bokosi ndi chigwiriro cha sikuludiraiva.

Sindinakhulupirire zonse tsiku lomwelo. Chitsulo chimene chatenthedwapo chimataya mphamvu yake yobwerera, moti kamlomo kamatha kuluma lero n'kulekerera mwezi wamawa. Popeza awa ndi magetsi a mabuleki, tinagwirizana kuti abwere pakatha milungu iwiri, kenako pakatha miyezi iwiri, ndipo nambala ikangokwera tisintha bokosi lonse popanda kukambirananso. Ndinawaphunzitsanso kuyang'ana okha: madzulo poimika chobwerera pafupi ndi khoma, aponde buleki n'kuona kufiira pagalasi.

Zosankha: chivundikiro

Mnyamata wanga ankafuna kubwereza guluu, ulendo uno wambiri. Ndinatembenuza chivundikiro n'kumuonetsa chilembo chaching'ono chimene chili kuseri, >PP<. Ameneyu ndi polypropylene, pulasitiki woterera ngati kandulo, ndipo supa guluu samugwira. Amaoneka ngati wagwira chifukwa amauma n'kulimba payekha, koma akangopindika pang'ono amasupuka. Zigawo zolembedwa >ABS< zimamateka bwino, n'chifukwa chake njira ya soda ija imatipusitsa: tinaiona ikugwira pa chinthu china n'kuganiza kuti ndi ya paliponse. Kuyang'ana chilembo kumatenga masekondi asanu.

Tepi tinali taona kale mapeto ake. Galimoto ikakhala padzuwa la Okutobala mawindo ali otseka, zomata zimasungunuka, tepi imatsetsereka n'kusiya utomoni wokola fumbi. Zomata za Velcro zimathera komweko. Kumanga cable tie kuzungulira bokosi lonse kumagwira, koma kumapanikiza mawaya akuseri, ndipo fyuzi ikapsa usiku mwini wake afunika mpeni. Sikuluwu ndiye ayi ndithu. Ndinaonapo bokosi limene wina analiboola ndi sikuluwu ya matabwa kuti agwire kava, nsonga yake itaima pafupi kwambiri ndi timizere tamkuwa tonyamula magetsi a batire timene tili m'kati mwa pulasitikiyo.

Ambiri amangochitaya, ndipo magalimoto ochuluka amene ndimalowamo alibe. Ine sindinafune. Bokosi ili lili pamene nsonga ya nsapato imafika, pamene fumbi la kumapazi limakwera, ndiponso pamene anyamata otsuka magalimoto amawaza madzi akamatsuka kapeti. Komanso chivundikiro chikapita, tchati chapita nacho, ndipo bokosi lopanda tchati ndi limene limalandira fyuzi iliyonse imene ili pafupi.

Kuwotcherera pulasitiki kunali kotheka. PP amalumikizika bwino mukamusungunula ndi soldering iron n'kudzazamo PP mnzake. Pa bampa kapena pa bulaketi ndimachita kawirikawiri. Koma kadzino aka ntchito yake ndi kupindika n'kubwerera, ndipo malo owotcherera amakhala okhuthala ndi ouma, ndiye kamakathyokera m'mphepete mwa chilondacho. Ndinatuma mnyamata kwa ophwasula magalimoto atanyamula chakalecho. Anazungulira ku Biwi osapeza, chifukwa tinthu totere ndi timene timayamba kusowa galimoto ikaphwasulidwa. Mawa lake anachipeza ku Malangalanga, chofanana maonekedwe, kadzino kali kabwinobwino.

Anabwera akusekerera, ndipo anali atatsala pang'ono kuchitseka pamene ndinamuuza kuti aike ziwirizo pambali n'pambali. Pulasitiki anali mmodzi, koma tchati chinali chosiyana malo atatu. Bokosi lofanana limaikidwa m'magalimoto angapo okhala ndi zipangizo zosiyana, ndipo pamene chathu chimati 10A china chinkati 20A, pena pamene ife tili ndi fyuzi icho chinkasonyeza kuti palibe. Tikanachitseka choncho tikanasiya malangizo olakwika pamalo pomwe munthu amawakhulupirira kwambiri. Tinafuta tchati chachilendocho ndi penti yakuda, tinajambula cholondola n'kuchisindikiza pa kapepala komata kopyapyala, ndipo chivundikiro chakale tinachiika m'kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala titalembapo kuti ichi ndicho tchati chenicheni, chisatayidwe.

Ngakhale chatsopanocho poyamba chinkachita gwedegwede. Mlomo wa bokosi pamene kadzino kamakola unali utaperepeseka chifukwa chotsekedwa mokakamiza miyezi yonse ija. Ndinaukonza ndi kafayelo kakang'ono, kungoubwezera ngodya yake, nditaphimba mafyuzi ndi kansalu kuti zinyenyeswa zisalowe. Kenako ndinaitana mayiwo kuti atseke okha ndi zala ziwiri. Chinangoti kha mosavuta, ndipo pochikoka sichinasunthe.

Ndinawonjezera chinthu chimodzi chimene fakitale sinaike. Ndinaboola kabowo pa ngodya ya chivundikiro, chili patebulo osati pa galimoto, n'kumangapo kachingwe kolimba ka 5 cm kupita pa bulaketi yachitsulo ya mbali ya kuchitseko. Chikadzamasuka tsiku lina chidzalendewera pomwepo. Tinachimasula dala n'kuponda zopondera zonse mpaka pansi kuti tione ngati chingafikeko, ndipo sichinafike.

Kumapazi kwa dalaivala

Ndikugwada pamenepo ndinaona kuti pansi pali makapeti awiri, yansalu yobwera ndi galimoto ndi ina yalabala yokhuthala pamwamba pake, yosakoledwa paliponse, itakwera kale mpaka kutsinde kwa chopondera moto. Mayiwo anadandaula za chivundikiro cholowa pansi pa chidendene, koma kapeti iyi inali yoopsa kuposa icho. Mu Ogasiti 2009 anthu anayi a banja limodzi anafa pafupi ndi San Diego ku America pamene kapeti yalabala ya galimoto ina, yoikidwa mu Lexus ES 350, inakola chopondera moto, ndipo chaka chomwecho Toyota inaitanitsa magalimoto pafupifupi 3.8 miliyoni m'dzikolo pa nkhani ya makapeti. Ndinawauza zimenezi, ndinachotsa yalabalayo n'kuiika kubuti, ndipo yansaluyo ndinaikola pa ndowe zake.

Zimene zinatsatira

Tinaiyesa pa msewu wawo womwewo, mnyamata atakhala kumbuyo akuyang'ana getsi lachitatu lija pamene ine ndinkaponda buleki pa mabampu. Silinaphethire, wailesi sinazime, chivundikiro sichinalire.

Patatha milungu iwiri mita inaonetsa 0.1V. Chakumapeto kwa Disembala, mvula itayamba, inaonetsa chimodzimodzi, ndipo mwendo woyesera uja unkatulukabe movutikira ngati m'malo oyandikana nawo, choncho nkhani yosintha bokosi tinaisiya. Mu Januwale galimotoyo inapita kukayezedwa za COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, n'kudutsa.

Pagalaja panga ndinasintha zinthu ziwiri. Chilichonse chimene mwini galimoto wanena, ngakhale chooneka chosagwirizana ndi ntchito, mnyamata amachilemba pa khadi ndisanayambe. Ndipo ntchito iliyonse yokhudza bokosi la mafyuzi imayamba ndi kujambula bokosilo n'kuliyerekeza ndi tchati, mtundu ndi kutalika komwe. Mwezi woyamba wokha tinapeza magalimoto ena atatu okhala ndi waya wokulunga pa mwendo wa fyuzi, awiri a wailesi, imodzi ya tracker. Pamene pakufunikadi kutenga magetsi m'bokosi timagwiritsa ntchito kolumikizira kopangidwira zimenezo, kokhala ndi fyuzi yakeyake, pa malo osakhudza mabuleki, ma airbag kapena injini, ndipo timayesa ngati chivundikiro chikutsekeka tisanamange chilichonse.

Mayiwo anabweranso mu Febuluwale kudzasintha mawaipa. Ndinagwada osawauza. Chivundikiro chinali pamalo pake, fumbi lili pamwamba lopanda chidindo cha chala, kachingwe kali lende osakokedwa. Kapeti yalabala ija inali itabwerera kumapazi. Anati otsuka galimoto anaipeza kubuti n'kuganiza kuti inaiwalika. Ndinaichotsanso, ndipo ulendo uno anavomera kuisiya pagalaja. Mnyamata wanga ndi amene amagwadirapo masiku ano akamalowa pansi pa dashibodi.